Chikwama changa chinakwera Mulanje pamsana pa mwana wa tenanti

Lamulungu lapitali mwana wa mlongo wanga, wa Fomu 3, anandipeza pansi pa mtengo wa mango n'kundikankhira foni kumaso. "Amalume, taonani izi. Eti anthu amayenda pa ayezi sabata yathunthu osaona nyumba?" Kanali kavidiyo ka pa TikTok. Mtsikana wovala jekete lofiira, magalasi akuda, akumwetulira, kumbuyo kwake phiri loyera mbee, pansi pake mawu akuti K2 Base Camp.

Kuno ku Mtunthama funso lotere ndi lomveka. Dziko lathu ndi lathyathyathya ngati mphasa. Ukaima pa chulu umaona zigafa ndi minda ya fodya mpaka pomwe maso alekezera, ndipo chinthu chachitali kwambiri m'dera lonse ndi nsanja ya netiweki. Ayezi amene timamudziwa ndi wa mufiriji ya kugolosale, komanso matalala aja amene akagwa mu January amasiya masamba a fodya ali mabowo okhaokha, mlimi atagwira m'mutu.

Ndiye ndinamufotokozera. Kumapiri aatali kwambiri kumagwa chipale m'malo mwa mvula, ndipo sichisungunuka chonse. Chaka ndi chaka chatsopano chimapondereza chakale mpaka chimalimba ngati mwala. Chikachuluka, kulemera kwake kumachiyambitsa kutsetsereka pang'onopang'ono kutsata chigwa, n'kukhala mtsinje wa ayezi. Umayenda ndithu, koma ndi maso sungauone ukuyenda. Umang'ambika ming'alu yakuya yoti munthu akagweramo basi, kwake kwatha. Umene anali pa vidiyo ija ndi Baltoro, ku Pakistan, wotalika makilomita pafupifupi 63, ngati kuchoka kuno kupita ku boma n'kubwerera. Oyenda amanyamukira pamudzi wa Askole, amagona m'matenti, masiku angapo pamwamba pa ayezi weniweniyo, amadutsa pa Concordia pomwe mitsinje ya ayezi imakumana, mpaka kukafika pamsasa womwe uli m'tsinde mwa K2, phiri la mamita 8,611. Msasawo pawokha uli pamtunda wa mamita opitirira 5,000. Ku Nepal kuli ulendo wofanana nawo, wochoka ku Lukla kukafika ku Everest Base Camp, mamita 5,364, m'mphepete mwa mtsinje wa ayezi wa Khumbu. Kumtunda kotereku, ukapuma kamodzi thupi limalandira pafupifupi theka la mpweya wabwino umene likanalandira m'mphepete mwa nyanja yamchere. Mutu umawawa, umasanza, tulo sitibwera, ndipo ukachita makani madzi amadzaza m'mapapo. Mankhwala ake enieni ndi kutsika basi.

Mwanayo anangoti "eee", n'kupita pa vidiyo ina. Ine maso anga anatsalira pakona ya chithunzi chija, pomwe panadutsa mzere wa amuna atawerama, madiramu abuluu ndi matenti pamsana. Sanatenge ngakhale masekondi awiri. Koma ndinawazindikira, chifukwa mmodzi wa anthu a ntchito yomweyi anandinyamulirapo chikwama masiku anayi, kwathu konkuno.

Ku Malawi tilibe mtsinje wa ayezi. Mu Africa yense yatsala timagawo tochepa pa Kilimanjaro, pa phiri la Kenya ndi pa Rwenzori, ndipo mu 2022 bungwe la UNESCO linachenjeza kuti ya pa Kilimanjaro ndi phiri la Kenya ikhoza kutheratu pofika 2050. Chomwe tili nacho ndi Mulanje. Nsonga yake, Sapitwa, ndi mamita 3,002, ndipo kuti ukaiponde umayenda masiku angapo, kugona m'tinyumba tam'phiri: Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka ndi ena. Kanyumba ka Chisepo, komwe kali pamtunda wa mamita pafupifupi 2,200, ndiye Base Camp yathu. Ambiri ofuna Sapitwa amagona pamenepo.

Tinapita atatu mu July, titagulitsa fodya ku Chinkhoma. Musandifunse ngati zinali zanzeru kuwonongera ndalama ya feteleza paphiri. Mayi anga anandifunsa kale, ndipo yankho ndilibe mpaka lero. Tinakwera minibasi mpaka ku boma, basi ya usiku mpaka Blantyre, ina ku Limbe, kutsika pa Chitakale, kenako kabaza mpaka ku Likhubula, pomwe pali ofesi ya zankhalango. Pamenepo mpomwe umapeza wokutsogolera ndi okunyamulira katundu.

Apa ndiulule. Mtengo wa tsiku anatiuza momveka, ndipo sunali wobisa. Koma ine, mwana wa mlimi amene chaka chilichonse amalira kuti ogula fodya akutibera, ndinayamba kunenerera ngati ndikugula kaunjika. "Aise, ife si azungu. Tapangani za chiMalawi." Mnzanga wina anawonjezera kuti zikwama zitatu zikhoza kunyamulidwa ndi anthu awiri, bola kuzimanga bwino. Wotsogolerayo anakana za mtengo wake. Koma onyamula katundu anali ambiri pamzere tsiku limenelo, alendo ochepa. Awiri anayang'anana, n'kuvomera. Ndinadziona wochenjera kwabasi.

Amene anatenga chikwama changa, kuphatikiza theka la cha mnzanga, anali wa msinkhu wanga, wochepa thupi, atavala masilipasi ndi juzi yong'ambika pachigongono. M'chikwamamo munali ufa, mpunga, usipa, mafuta ophikira, bulangete lalikulu la kunyumba, nsapato ziwiri zosinthira, sipika ya Bluetooth, ndi mapawabanki awiri. Anachikweza kamodzi, n'kuchigwedeza kuti chikhazikike, osanena kanthu.

Njira ya Skyline, yochoka ku Likhubula kupita ku Chambe, ndi chikweza chokhachokha. Ife a kuchidikha timadzitama kuti timapalasa njinga makilomita 30 ndi matumba awiri a chimanga, koma miyendo ya panjinga si miyendo ya paphiri. Ola loyamba lisanathe mawondo anali akunjenjemera, malovu atauma. Ine ndinanyamula botolo la madzi ndi foni basi. Iye ankapita patsogolo, n'kukatidikira pamwala atakhala phee, tikafika n'kunyamukanso. Panjira tinapatukira amuna ena akutsika ndi matabwa aatali pamutu, ena osavala nsapato, akuthamanga pamiyala pomwe ine ndinkakwawa ndi manja. Phiri limeneli ladyetsa anthu ambiri pamutu ndi pamsana, ndipo nalonso ladyedwa: mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, unadulidwa mpaka mu 2017 ofufuza anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha.

Usiku woyamba ku Chambe kunazizira moti sindinamvepo. Mlonda wa kanyumbako anatisonkhera moto, tinaphika nsima, tinakhala mozungulira. Mpamene wondinyamulira uja anandifunsa.

"Achimwene, kwanu ndiye kuti?"

"Ku Kasungu."

"Kasungu mbali iti?"

"Simungakudziwe. Ku Mtunthama."

Anaseka pang'ono. "Ku Mtunthama ndakulira. Zaka 6."

Anayamba kutchula midzi, madambo, njira yachidule yopita kumsika, malo omwe ankatunga madzi. Zonse zoona. Bambo ake anali tenanti. Anachoka ku Phalombe pa lole, banja lonse ndi timitolo tawo, atalonjezedwa kuti akakolola adzabwerera ndi ndalama ya malata. Aliyense wokulira kuno akudziwa mmene nkhani yotere inkathera. Bwana ankapereka ndowa ya chimanga ndi kamchere pangongole, feteleza pangongole, khasu pangongole, wina akadwala ndalama ya kuchipatala pangongole. Fodya akagulitsidwa, bwana ankatsegula kope lake n'kuchotsera zonse. Chotsala nthawi zina sichinkakwana ngakhale thiransipoti yobwerera kumudzi, ndiye banja linkakhalanso chaka china. Iye ankathirira nazale m'mamawa, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa. Sukulu analekeza Sitandade 4.

"Mukudandaula mutu eti?" anatero, poona ndikudzisisita pachipumi. "Wa phiri umatha mukagona. Wa fodya wamuwisi uja ndiye unali woipa. Ukathyola kuli mame, madzulo chizungulire, kusanza."

Ankanena zimene madokotala amazidziwa bwino: chikonga cha m'masamba onyowa chimalowa pakhungu. Mu 2009 bungwe la Plan International linatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya kuno ku Malawi, ndi Kasungu yemwe, lonena kuti tsiku lachinyezi mwana akhoza kuyamwa chikonga chofanana ndi cha ndudu 50.

Sindinamuuze usiku umenewo kuti bambo anga nawonso anali ndi matenanti, mabanja awiri, ochokera chakummwera komweko. Sindinamuuze kuti kope la ngongole ndinkalemba ndine, chifukwa ndinali ndi dzanja labwino. Si kwathu komwe iye anakhala, ndinafunsa mochenjera n'kutsimikiza. Koma zimenezo sizinandipeputse mtima kwenikweni. Fizi yanga ya kusekondale inachokera m'chigafa chomwe ana ngati iye ankasokamo fodya. Ndipo m'mawa wa tsiku lomwelo ndinali nditamudula mtengo, n'kumuwonjezera katundu wa munthu wina.

Anagona pakhonde lamkati pafupi ndi moto, atafunda kansalu kopyapyala. Bulangete langa lalikulu, lomwe analikweza yekha phiri lonselo, ndinafunda ndine.

Tsiku lachiwiri tinayenda kuchoka ku Chambe kupita ku Chisepo, maola ochepa, kudutsa pakamtunda kopapatiza komwe mbali zonse ziwiri ndi phompho. Kukongola kwake sindingakuuzeni bwino. Udzu wofiirira, timitsinje toyera toti umamwa ndi manja, mitambo ili pansi pako. Koma titafika ku Chisepo masana, chiperoni chinalowa. Amene simunapiteko kummwera, chiperoni ndi nkhungu yozizira yamvula yawaza imene imachokera cha ku Mozambique miyezi yachisanu. Paphiri imafika ngati munthu watseka chitseko. Mnzako ali mayadi asanu, sukumuona.

M'mawa mwake sichinachoke. Wotsogolera anati lero sitikwera. Mnzanga uja wa zikwama anakwiya, poti tsiku lowonjezera ndi ndalama yowonjezera, komanso bandulo yake ya sabata inali kutha asanaponye chithunzi cha pansonga. "Njira si iyi ikuoneka apa? Tipita tokha."

Wotsogolerayo sanakangane naye. Anangofunsa ngati tinamvapo za Gabriel Buchmann. Ameneyu anali mnyamata wa ku Brazil, wophunzira zachuma, wa zaka 28, amene anayenda maiko ambiri. Mu July 2009 anasiya womutsogolera n'kupitiriza yekha ku Sapitwa, atavala zopepuka, akufuna kukwera ndi kutsika tsiku lomwelo. Nyengo inasintha. Mtembo wake unapezeka patapita masabata pafupifupi atatu. Chinamupha ndi chisanu. Nkhani yake anaipanga filimu mu 2017, ndipo anthu amene anakumana naye paulendowo anasewera okha mbali zawo. Izi zisanachitike, mu 2003, mayi wina wa ku Netherlands anakweranso yekha ndipo sanapezeke mpaka lero. Akuluakulu a m'tsinde mwa phiri ali ndi kufotokoza kwawo, kwa mizimu, ndipo dzina lakuti Sapitwa silinangobwera. Kaya mumakhulupirira ziti, malangizo ake ndi amodzi.

Tinakhala. Tsiku lonse m'kanyumba, utsi m'maso, tikusewera bawo ya timiyala pa mabowo ojambula ndi khala. Mafoni onse anazima, chifukwa chisanu chimamwa batire msanga kuposa TikTok, ndipo pawabanki imodzi inali itafa kale. Sipika ija sitinaiyatse ngakhale kamodzi. Inangokwera phiri pamsana pa munthu n'kutsika.

Kutacha kunja kunali mbee, udzu utachita zoyera ndi chisanu chouma, madzi a m'chidebe atagwira kakhungu ka ayezi pamwamba. Ndiye ayezi yekhayo amene ndinaona paulendo wonse, ndipo ndinamuphwanya ndi chala. Kukwera Sapitwa ndi kukwawa pamiyala yosalala yopendekeka, kulowa m'mapanga mochita kugwada, kudutsa m'tinkhalango tothinana, maola atatu kapena anayi. Pamalo ena wondinyamulira uja, amene sanali wokakamizidwa kukwera nafe tsiku limenelo, anaponda mwala n'kundipatsa bondo lake kuti ndipondepo. Pansonga pali kachipilala ka simenti. Kumpoto chigwa cha Phalombe ndi nyanja ya Chilwa, kum'mawa Mozambique. Iye analoza ndi chala: "Kwathu ndi apo." Kenako anatulutsa kafoni kake kamabatani komwe batire yake inali idakalipo, wotsogolera anabwereka yathu imodzi imene tinaifunditsa m'khwapa usiku wonse, n'kutijambula. Pachithunzi chimene chinakhala pa status yanga sabata yathunthu tilipo atatu, manja m'mwamba. Awiri otinyamulira mulibe.

Umu ndi mmene zithunzi za m'mapiri zimakhalira dziko lonse. Pa 29 May 1953 Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay anafika pansonga ya Everest, ndipo dzina la Tenzing timalidziwa chifukwa anafika pamwamba. Koma iyeyo anayamba ngati wonyamula katundu mu 1935, ndipo ulendo wa 1953 unali ndi onyamula mazanamazana amene palibe amawatchula. Pa 18 April 2014 ayezi anagumuka pa Khumbu, kumtunda pang'ono kwa Base Camp, n'kupha anthu 16. Onse anali a ku Nepal, ali pantchito yokonzera alendo njira ndi misasa. Mu July 2023 Muhammad Hassan, wonyamula katundu wa ku Pakistan, anafera pa K2, pamalo opapatiza kufupi ndi nsonga, alibe zovala zokwanira za kumtunda kotero. Vidiyo inaonetsa anthu akumudutsa kupita pamwamba, ndipo dziko linakangana kwa masabata ngati akanatha kupulumutsidwa. Ife a Malawi nkhani ya kunyamula timaidziwa kuyambira kale. Pankhondo yoyamba ya dziko lonse, amuna oposa 100,000 a Nyasaland anatengedwa kukhala amtengatenga, kunyamula chakudya ndi zipolopolo za asilikali, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda.

Sindikunena kuti musapite. Pitani ndithu. Zimandiwawa kuti m'mabuku a alendo a m'tinyumba tija mayina ambiri ndi a ku Germany ndi Netherlands, pomwe ife timathera ndalama yomweyo pa wikendi imodzi ku Salima. Saray Khumalo, mayi wobadwira ku Zambia konkuno, anafika pansonga ya Everest mu May 2019, woyamba mwa amayi akuda a mu Africa. Phiri si la azungu. Ndipo onyamula katundu a ku Mulanje safuna chisoni chanu, amafuna ntchito. Mukanyamula nokha chikwama poganiza kuti mukuwachitira ulemu, mwangowamana ya ndiwo. Ndi akatswiri. Chaka ndi chaka pa mpikisano wa Porters Race amathamanga makilomita opitirira 20, kukwera ndi kutsika phiri, pa maola ochepa, njira imene ife tinaiyenda masiku. Mu July 2025 UNESCO inaika Mulanje pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, ndiye alendo achuluka, ndipo ambiri mwa iwo tikhala ife tomwe, achinyamata a mafoni.

Chimene ndikukana ndi mtima uja wa "ife si azungu". Chikwama cha Mmalawi chimalemera chimodzimodzi. Pa Kilimanjaro malamulo amati wonyamula asasenze katundu wa mlendo wopitirira makilogalamu 20, ndipo amayeza pageti. Ife sikelo tili nazo m'nyumba iliyonse ya mlimi, timayezera mabelo mpaka kukangana pa theka la kilo. Yezani chikwama musananyamuke, muchotse sipika. Munthu mmodzi, chikwama chimodzi. Mtengo umene mwauzidwa pa ofesi ndi womwewo, ndipo tsiku lodikira chiperoni nalonso ndi tsiku la ntchito. Mufunse ngati ali ndi chofunda, mufunse adya chiyani. Ngati ndalama yake sikukwana, ndiye kuti ulendo sunakwane. Dikirani msika wa chaka chamawa. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la zantchito n'kuthetsa utenanti. Papepala unatha. Koma kaganizidwe ka bwana wa kope, koti munthu wosowa avomera chilichonse ndiye mpatse chochepa, ndinakapeza mwa ine ndemwe pa Likhubula, ine amene ndimatukwana ogula fodya pa Facebook.

Titatsika ndinamulipira mtengo wonse umene anatiuza poyamba, wa masiku onse, ndi wa theka la chikwama chija. Anzanga anandiyang'ana ngati ndapenga, kenako mmodzi anapisa m'thumba nayenso. Bulangete ndinamusiyira. Sindikudzitama nazo, chifukwa inali ngongole, ndipo inachedwa masiku anayi. Pomwe tinkadikira kabaza ndinamuuza za matenanti a bambo anga ndi za kope lija. Anakhala chete kanthawi, akuwerenga ndalama zake kachiwiri.

"Bambo anu alipo?"

"Anatisiya."

"Pepani. Anga nawonso." Anapinda ndalamazo n'kuziika m'sokosi. "Nanga mjigo uja wa pafupi ndi msika ukugwirabe? Tinkamenyanirana pamenepo ndi ana a eni mudzi."

Ndinamuuza kuti unawonongeka kalekale, anakumba wina kuseri kwa sukulu.

"Mukafika mukaujambule, munditumizire. Mlamu wanga ali ndi WhatsApp."

Ndinaujambula, ndi chigafa chathu chomwe. Patapita masiku awiri kunabwera voice note ya masekondi 9, mphepo ikuwomba kumbuyo kwake. Anati chigafacho chapendekeka, ndisinthe mafoloko a kumadzulo mvula isanayambe.